Mmene Ndinadzutsira Hadi Disiki pa Chiliza cha Nangozo

Amene akufuna kuseka asekeretu pano, amalize, apukute misozi, chifukwa ndikayamba sindifuna kumva munthu akutsokomola dala kumbuyoko. Ndikudziwa zimene mumanong'onezana pa Lizulu ndikamadutsa ndi njinga yanga, mumati awo ndi aMagwagwa aja analimbana ndi kabokosi kumanda. Eya, ndine ndemwe. Sukulu ndinalekera panjira, koma cholembera ndimagwira, ndipo ndati nkhaniyi ndiilembe ndekha anthu ena asanaithire mchere wawo, poti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kulumbira sindilumbira, Buku limaletsa ndipo masiku ano ndine munthu wa mgonero, koma ndikanakhala wolumbira ndikanalumbira pa chala changa chakuphazi chimene chinatsala mu mgodi ku Joni.

Mkazi wanga Nangozo anali woyambitsa nyimbo mu kwaya ya amayi kumpingo kwathu ku Mlangeni. Mawu ake akakweza, ng'ombe za kutsidya ku Mozambique zinkasiya kudya n'kutembenuka, ndipo malata a tchalitchi tinachita kuwakhomera misomali ina chifukwa ankafuna kunyamuka. Chaka chomaliza asanadwale, mkamwini wanga aNdau, mwamuna wa mwana wanga Esinati, anajambula kwayayo pa Khirisimasi n'kusunga mu makina awo. Nangozo atatisiya, aNdau anandiuza kuti mawu a amayi alipo, ndingathe kumvera tsiku lililonse. Ine ndinakana. Mtima sunkalola. Ndinati tidzamva tonse pamodzi tsiku lovundukula chiliza.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma pa msonkhano wa banja wokonza za chilizacho ndinaimirira pamaso pa mlamu wanga aNgozo, mchimwene wake wamkulu wa malemuyo, munthu amene sanandisekererepo chikwatirireni mlongo wawo, ndipo ndinati pa tsikulo kwaya isavutike, Nangozo adzayimba yekha pamanda pake, ndidzamuitana ndine. ANgozo anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Alamu, akapanda kuyimba mudzayimba ndinu. Ndi mawu achikazi."

Mukumva? Ndiye apo mwadziwa chimene ndinasenza pamutu.

ANdau ali ndi shopu yobenera nyimbo pa Lizulu, mbali ya kuno ya msewu, pakati pa wometa ndi wogulitsa feteleza. Anthu amabwera ndi mamemore khadi, iwo n'kuwathirira nyimbo ndi mafilimu kudzera pa laputopu. Koma zinthuzo sizikhala mu laputopumo ayi, zimakhala mu kabokosi kakuda, kukula kwake ngati buku la nyimbo, kolumikizidwa ndi kanthambo kafupi. Ndiko amati hadi disiki. Mmenemo ndi mmene munali Nangozo, pamodzi ndi oyimba a ku Congo ovina m'chiuno ndi anthu omenyana karate, ndipo ine sizinandisangalatse kuti mayi wa mpingo azigona nyumba imodzi ndi anthu otere, koma ndinangoti poti malo ndi omwewo.

Tsiku litayandikira ndinapalasa njinga kukaona ngati zonse zili m'malo. Ndinapeza shopu yotsegula, mulibe munthu, aNdau atapita kukagula kabichi. Ndinaika khutu pa kabokosiko, zii. Ndinakagwira, kozizira ngati mwala wa mumtsinje mwezi wa Juni. Ine maliro ndawaona ambiri, chinthu chikazizira choncho ndimadziwa tanthauzo lake. Ndinakhala pa thumba la mbatata la munthu wina, ndipo ndisabise, ndinalira, poti ndinaona kuti mkazi wanga wamwalira kachiwiri ndisanamumve.

ANdau atandipeza choncho ananjuta pakhomo monga achitira mkamwini wolangizidwa, maso pansi, n'kuyamba kundifotokozera mofatsa. Anati kabokosiko sikanafe, kangogona. Anati m'kati mwake muli chimbale chimene chimazungulira mwaliwiro, ndipo pakapita nthawi popanda wofunsa nyimbo, kompyuta imalamula kuti chimbalecho chiime, moto usamathe chabe ndiponso chisamaperepeseke pachabe. Anati mu kompyutamo muli kapulogalamu kakang'ono, amakatchula kuti dalaiva, kamene kali ngati kapitawo woima pakati pa kompyuta ndi disiki. Munthu ukadina nyimbo, kapitawoyo amalandira pempho lako, amapeza disiki yagona, amagogoda, n'kuligwira pempholo m'manja mpaka chimbale chitatenga liwiro lake, ndiye pamenepo amalipereka. Anadina kundionetsa. Panakhala kachete, kenaka kabokosi kanayamba kung'ung'udza pansipansi ngati njuchi ili m'botolo, kenaka nyimbo ina ya ku Zambia inalira. Ndinafunsa kuti nanga pa kachete kajako ntchito ya munthu ndi yotani.

"Kudikira basi, bambo. Manja osagwira kanthu."

Kudikira! Kundiuza ine! Anthu inu mundidziwe bwino. Ine ndili mnyamata ndinali mlenje wa mbewa woti dziko lonse kuyambira ku Mlangeni mpaka ku Sharpevale ankandidziwa, ndipo pa mbewa zonse palibe yogona tulo ngati kapuku, amene akanenepa amalowa pansi, n'kutseka una wake ndi dothi, n'kugona chilimwe chonse osadya osamwa, ukamukumba umamupeza wozizira ngati wakufa, koma ine sindinkavutika n'kukumba ayi, ndinkangoponda pansi kamodzi n'kukuwa mfuu ya gule wa ngoma, akapuku onse a m'dambomo ankadzidzimuka, n'kutsegula okha mauna, n'kutuluka pamzere akuyasamula, ena atanyamula kale timitengo towapanira, n'kundifunsa kuti mchere uli kuti. Ku Joni nako, pa komponi yathu belu litasweka, azungu sanagule lina, ankangoti Magwagwa tsokomola, amuna onse n'kudzuka ndi zipewa kumutu. Pa Lizulu pomwepo ndinadzutsapo lole imene inafa zaka zambiri mpaka msuku unamera mu injini, ndinangoimenya khofi pa bonati, inalira n'kunyamuka yopanda matayala, ndipo mpaka lero imaoneka ku Balaka nyengo ya masuku ikugwetsa zipatso mumsewu. Ndiye munthu wotere adikire kabokosi kolowa m'thumba la jekete?

Ndinaganiza zokaonana naye kapitawo uja maso ndi maso. Ndinasala kudya mpaka ndinaonda ngati ulusi wosokera, ndipo tsiku lina masana kulibe makasitomala, aNdau atandisiyira shopu, ndinavula jekete, ndinavula nsapato, ndinapuma mpweya wonse kunja, n'kulowa mu laputopu kudzera pa kabowo kolowera kanthambo. Mukumva? Mutu poyamba, mapewa pambuyo, ngati mmene umalowera mu mgodi wopapatiza. M'katimo muli tinjira tambirimbiri, tosesedwa bwino kuposa pabwalo la abusa, ndipo ndinatsata kanjira kolunjika ku kabokosi mpaka ndinafika pa chitseko chotseka.

Pachitsekopo ndinapeza kamunthu kofatsa, kovala kabudula wa khaki, chipewa chili m'manja, katakhala pa kampando. Ndiye kapitawo uja. Kumbuyo kwake kunali mzere wa mapempho, lililonse ndi kathumba kake, ngati amayi pachigayo magetsi atathima. Ndinamufunsa chimene akhalira pansi anthu akudikira. Anati wagogoda kale, wati odi, ndipo mwini nyumba wamva, akudzuka. Anati iyeyo sangalowe chimbale chisanatenge liwiro, chifukwa singano yowerenga imayandama pa kamphepo kamene chimbale chimautsa, ndipo ikatera pa chimbale choima imakala mawu a anthu ngati khasu pa mbatata. Anati bwana wake anamupatsa nthawi yodikira, ikatha asanayankhidwe amagwedeza chitseko n'kuyambanso odi kuchiyambi, ndipo akachita choncho kangapo osamva kanthu amabwerera kukanena kuti nyumbayi mulibe munthu, ngakhale anthu alimo. Anati asanagoneke disiki amayamba waonetsetsa kuti katundu yense amene anali panjira walowa m'nkhokwe, palibe chotsala pakhonde. Anadandaulanso kuti pali ena osadziwa mwambo amene amabwera kudzangofunsa kuti mwagona bwanji, n'kudzutsa wogona popanda chifukwa, pamene iye amadziwa kusuzumira pazenera n'kuona kuti wagona osamudzutsa.

Ine ndinamuuza kuti ulemu wotere ndi wa akamwini, Mngoni sadzutsidwa ndi odi. Ndinamukankhira pambali, chitseko ndinachiponda ndi chidendene, ndipo ndinachiona chimbale, chachikulu ngati bwalo la mpira, chonyezimira mpaka ndinaona dazi langa lomwe, chitaima duu, singano itatsamira pambali ngati khasu pakhonde. Ndinaika phewa monga tichitira pokankha minibasi yakufa batire, ndinakankha, ndinathamanga nacho, chinayamba kuzungulira, ndinaonjezera, chinalira, ndinaonjezeranso, ndipo liwiro lake linautsa kamvuluvulu amene anatulukira pa kabowo kaja n'kulowa mumsika, ananyamula kabichi yense wa mbali ya Malawi n'kumuika ku Mozambique, mbatata ya ku Mozambique n'kuiika ku Malawi, tomato anakwera kumwamba n'kugwa ku Dedza ali wokazinga kale ndi anyezi wake, msewu womwe uli malire aja unapindika mpaka wometa uja anayamba kumeta munthu ku Malawi n'kumumalizira ku Mozambique, ndipo mafoni onse pamsikapo analankhula Chipwitikizi mpaka dzuwa kupendeka. Ine kamvuluvuluyo anandilavula panja, ndinagwera pampando wa m'shopu momwemo.

Esinati amati tsiku limenelo anandipeza ndili mtulo pampandopo, mutu uli pa tebulo, dovu likuyenderera pa laputopu. Mwana ameneyu pakamwa anatengera kwa amalume ake. Koma nanga kabichi uja anaoloka bwanji msewu? Palibe wandiyankha.

Chimene ndinatolapo n'chakuti kabokosiko sikagona ngati ukukafunsa kanthu pafupipafupi. Ndiye ndinati basi, pa tsikulo ndidzakhala pambali pake, ndizidzadina kena kake kawirikawiri, kadzakhale maso ngati mlonda, nthawi ikadzakwana Nangozo adzatuluke pompopompo aNgozo asanameze malovu.

Tsikulo linafika ndi mphepo ya mwera, ija yolowa m'mafupa. Manda a kwa aNgozo ali pachitunda, pakati pa mitengo ya misuku, ndipo anthu anadzaza mpaka kumunda kwa mbatata: a kumpingo, a ku Lizulu, abale a kutsidya, ndi madoda akale a ku Joni ovala majasi awo aatali. Chiliza chinali chofunditsidwa nsalu yoyera. ANdau anaika katebulo pafupi ndi manda, laputopu ndi kabokosi pamwamba, sipika yaikulu pansi yolumikizidwa ku batire ya galimoto. Anandinong'oneza kuti laputopu ikakhala pa batire yake imaumira moto, ndiye imagoneka disiki msanga kuposa kushopu, choncho nthawi ikakwana ndiwatumizire munthu abwere adzadine okha. Ine ndinawauza kuti phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, angondisonyeza podina, iwo apite kukasenda ng'ombe ndi akamwini anzawo, poti kwathu kuno pa zochitika zotere malo a mkamwini ndi kumiphika ndi kunkhuni. Anandisonyeza, anaomba m'manja, anapita.

Pa ulaliki wonse ntchito ndinaigwira bwino. Abusa akulalikira, chala changa chili pa laputopu, kabokosi kakung'ung'udza, ine mumtima ndikuti lero aNgozo adziwa. Koma atatha abusa, mkulu wa mpingo anati tsopano mwamuna wa malemu atipatse mbiri mwachidule.

Apa ndiye manyazi anga ayambira. Ndinaimirira kuti ndinene mawu awiri okha. Koma mbiri ya munthu siyambira pa iye mwini, ndiye ndinayambira pamene makolo athu anaolokera Zambezi dzuwa litada masana, ndinawayendetsa mpaka kuwafikitsa ku mapiri kuno, ndinafotokoza za agogo ake a Nangozo ndi ng'ombe zawo, ndinalowa za ine mwini mmene ndinapitira ku Joni, za sitima, za chala chija, za jasi limene ndinabwera nalo ndi mmene Nangozo analionera ku chitsime n'kugwetsa ndowa, ndipo ndikulankhula choncho mthunzi wa msuku unachoka kumadzulo kwa mtengo n'kupita kum'mawa, mwana wina amene anabwera ali kumbuyo kwa mayi ake anatsika n'kuyamba kuyenda, nyama ya ng'ombe inapsa, inazizira, anaitenthetsanso, ndipo mdala wina wa kutsidya anagona n'kudzuka ndevu zitamera. Nditaona kuti mkulu wa mpingo wandikoka jekete kachitatu, ndinati tsopano khalani chete nonse, mwini wake ayimbe.

Nsalu anaivundukula. Dzina la Nangozo linaonekera pa simenti. Ndinapita pa katebulo, ndinakweza chala kuti onse achione, ndinadina.

Zii.

Pagalasi la laputopu panangobwera kamkombero kakang'ono kozungulirazungulira. Mphepo inkaomba m'misuku, sindinkamva ngati kabokosi kakung'ung'udza kapena ayi. Anthu mazanamazana, maso onse pa ine. ANgozo anakonza kukhosi. Ine ndikukuuzani, ndakhalapo pansi pa mgodi mwala utagwa kutseka njira, koma chete wa tsiku limenelo anali wolemera kuposa mwala uja. Ndinakumbuka kamunthu kaja ka chipewa m'manja, ndinati kameneka kakhalanso pa kampando kukudikira, mkazi wanga ali m'kati, alamu anga ali panja. Ndinazula kanthambo n'kukabwezeranso, kuti kadzidzimuke.

Ndinadina. Laputopu inatulutsa mawu a Chingerezi pagalasi pake. Ndinazulanso. Ndinakauzira mpweya kabokosiko ngati moto wa zitsononkho, ndinakaika m'khwapa kuti kafunde monga tichitira ndi mwanapiye wonyowa, ndinalumikiza, ndinamva kakuyamba kunjenjemera pang'ono m'dzanja, ndinadina msanga, palibe, ndinazula. Ndinakagogoda pa tebulo. Ndinakaitana ndi mfunda wake wa malemuyo, Ngozo, Ngozo, dzuka. Pamenepo magazi a makolo anandikwera, ndinatola ndodo ya mdala wina n'kuyamba kuponda ngoma mozungulira katebulo, ndipo ndinaponda moti nthaka inagwedezeka mpaka ku Sharpevale odwala anagwa pa mabedi, akapuku a chitunda chonsecho anatuluka n'kuima pamzere monga kale, mbatata za m'munda wa aNgozo zinadzikumba zokha n'kudzilongedza m'matumba, phiri la Dedza linasendera kuti lione chachitika n'chiyani, ndipo a m'manda oyandikana nawo, Mulungu andikhululukire, ndinawamva akutembenuka n'kufunsana kuti kodi lipenga lija ndi limeneli. Zonse zogona m'boma la Ntcheu zinadzuka tsiku limenelo. Mukumva? Zonse. Kupatula kabokosi kamene kanali m'manja mwanga.

Nditakweza maso ndinaona aNdau. Anali atathamanga kuchokera kumiphika, manja ali ndi mafuta a nyama, atagwada chapatali kumapeto kwa anthu, akuomba m'manja pang'onopang'ono, nkhope ngati munthu woona mwana wake akusewera ndi njoka. Ankadziwa chimene ndinkalakwitsa. Nthawi iliyonse kapitawo uja akati odi, chimbale n'kuyamba kutenga liwiro, ine ndinkadula njira, iye n'kuyambiranso pachiyambi. Koma mkamwini angaimirire bwanji pamanda pa apongozi ake aakazi, pamaso pa mudzi wonse, n'kuuza apongozi aamuna kuti chotsani manja? Bwenzi mawa lake nkhani ili yakuti Esinati anakwatiwa ndi munthu wopanda mwambo. Ndiye anangogwada pomwepo n'kumaomba m'manja, ine n'kumayesa akundichemerera.

Anatuma mkazi wawo. Esinati anadutsa pakati pa amayi chowerama, anagwada pambali panga n'kundinong'oneza kuti bambo a kunyumba akupempha kuti kabokosiko ndikaike pansi, chifukwa kukazula ndi kukagogoda chimbale chikuzungulira kungathe kukala malo amene pali amayi, ndipo akakalika palibenso kwina kumene mawuwo ali. Ndinamva bwinobwino. Ndinamva kuti mkazi wanga ndingathe kumupha ndi manja angawa. Koma aNgozo anali atayamba kale kulankhula mokweza kuti anthu amve.

"Alamu, musavutike. Tayambani vesi loyamba, amayiwa akulandirani."

Anthu anaseka, pamanda. Ine m'malo moika kabokosi pansi ndinauza mwana wanga kuti abwerere kwa amayi anzake, n'kuzulanso kanthambo. Thukuta linali kamukamu mphepo yonse ija. Ndinali nditayamba kale kuyesa kukhosi mwakachetechete kuti ndione ngati mawu achikazi angatuluke.

Abusa athu ndi munthu wachifundo. Ataona kuti zafika poipa anaimirira n'kunena kuti tiyeni tipemphere. Zipewa zinatsika, mitu inawerama, maso onse anatsinzina. Ine ndinalibe kuchitira mwina, munthu sungapemphere utagwira kabokosi ngati mwala wogendera galu. Ndinakaika pa tebulo, ndinapinda manja, ndinatsinzina.

Pakati pa pempherolo, abusa ali pa odwala ndi a m'ndende, sipika inalira.

Anthu atatsegula maso anaona ine nditaima pa katebulo, ndipo mpaka lero alipo ena ku Mlangeni amene amati aMagwagwa anaidzutsa ndi ngoma, inangochedwa kumva. Nanenso ndimatero ndikakhala pa anthu, ndipo ndikhoza kuteronso mawa. Koma pepala silinditsokomolera, ndiye ndinene. Diso limodzi sindinatsinzine. Ndinaona aNdau akukwawa ndi maondo pakati pa anthu otsinzina, osagunda ngakhale chitenje cha munthu, anafika pa katebulo, anapukuta manja pa buluku, analowetsa kanthambo bwinobwino, kenaka anaika manja pa maondo. Sanachite kanthu. Anangoyang'ana kagetsi kakang'ono ka pa kabokosi kakuphethira. Ine mtima unkati adine, adine, pemphero litha. Iwo ayi, anadikira limodzi ndi kapitawo wawo uja, mpaka kabokosi kanang'ung'udza mokhazikika. Ndiye anadina kamodzi, n'kukwawa chobwerera, ndipo mmene sipika inkalira anali atagwada kale pamalo pawo paja, maso ali chitsinzinire kuposa a abusa.

Koma chimene chinatuluka mu sipikamo poyamba sinali nyimbo. Kunamveka phokoso la mabenchi, amayi akukonza kukhosi, kenaka mawu a mwamuna, aakulu, odzaza manda onse, akufotokozera wojambula mmene makina otere anawaonera kale ku Joni, akuluakulu kuposa amenewa, ndi mmene mzungu wina anamupemphera kuti awakonze. Anali mawu anga. Ndinali nditaiwala kuti tsiku la Khirisimasi lija ndinaima pambali pa aNdau. Ndinalankhula, ndinalankhulabe, anthu pamanda akundimvera kachiwiri tsiku limodzi. Kenaka patali pang'ono panamveka mawu amene ndinali ndisanawamve chiikireni maliro, osakwiya, otopa chabe, ngati mmene ankanenera tikamagona.

"Bambo a Esinati, tatsekani pakamwa pang'ono. Anthu akudikira nyimbo."

Sindidziwa amene anayamba. Amayi a kwaya anagwa pansi ndi kuseka, misozi ili mbwembwembwe, kuseka ndi kulira osasiyanitsika. Abusa anabisa nkhope m'Baibulo, mapewa akugwedezeka. ANgozo anatsegula pakamwa kuti andilase, koma mlongo wawo anayambitsa nyimbo nthawi yomweyo, mawu aja okweza malata, ndipo aNgozowo anangokhala pansi pa dothi, chipewa chili pankhope. Amayi amoyo analandira nyimbo ya amayi a mu sipika, Esinati anandigwira dzanja, mwina kunditonthoza, mwina kuti ndisagwirenso kanthambo.

Za kamvuluvulu mungathe kuchotsako pang'ono ngati zakulemerani. Za phiri la Dedza, mwina linangopendekeka. Koma ichi chokha musandichotsere, ndipo amene akukana abwere ndi mboni zake ine ndibwera ndi mudzi wonse: Nangozo atanena mawu aja, ine Magwagwa ndinatseka pakamwa, ndipo ndinakhala chete nyimbo yonse, mavesi onse ndi makolasi ake, mpaka Ameni.